Chikalata cha Zofuna za Anthu a ku Mtunthama pa Matenda a Chithokomiro ndi Kubanika

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Kasungu, ndi kwa Mkulu woyang'anira zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu m'khonsolo ya Kasungu.

Makope apite kwa Mlembi Wamkulu mu Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe, kwa Phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera lathu, kwa makhansala athu, ndi kwa Mfumu Yaikulu Wimbe.

Mabwana athu,

Ife amene tasaina ndi kudinda zala pamapepala amene tamangirira kumapeto kwa chikalatachi ndife anthu a ku Mtunthama, kwa Wimbe ndi midzi yozungulira. Ambiri mwa ife timalima fodya ndi chimanga. Ena ndi matenanti m'maesiteti, ena aphunzitsi, ena ogulitsa pamsika. Pakati pathu pali amayi amene akhala zaka zambiri ndi chotupa cha chithokomiro pakhosi, ndipo pali amene anachezerapo usiku wonse atagwirizira m'bale wawo wobanika, osadziwa chochita. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tabwera tokha osatuma munthu.

Pempho lathu ndi limodzi, ngakhale lili ndi nthambi. Munthu amene akubanika, mankhwala a mphumu n'kumakanika kumuthandiza, aziyang'anidwa m'kati mwa kholingo, msanga ndiponso kufupi ndi kwawo.

Tiyambe ndi chimene chinatisonkhanitsa. Pali mayi wina wa m'mudzi mwathu, mlamu wa ena mwa ife, amene dzina lake sitilemba pano. Anayamba kupuma movutikira ali ndi pakati pa mwana wake wachiwiri. Akamapuma pankamveka kamluzu. Atachira, kamluzu kaja kanachepa koma sikanathe. Kuchipatala china chaching'ono anamuuza kuti ndi mphumu, n'kumupatsa mankhwala opopera m'kamwa. Anapopera, osasintha. Anabwerera, anamupatsanso omwewo. Anapereka makhololo kawiri kuti aone ngati chili chifuwa chachikulu, ndipo kawiri konse sanapeze kanthu. Ifenso tili ndi mbali yathu pa kuchedwaku, tisabise. Kuno aliyense amatsokomola nyengo yosankha fodya, fumbi likadzaza m'chigafa, ndiye tonse tinkangoti ndi fodya ameneyo, mabelo akapita ku okushoni ya ku Chinkhoma apeza bwino. Pakhosi pake panalibe chotupa choti munthu n'kuloza. Ena anayamba kunong'ona za ufiti, ndipo mbuzi imodzi inathera kwa sing'anga.

Pakati pachitatu ndi pamene panaulula zonse. Mayiyu anasiya kusenza ndowa kuchokera pamjigo, kenako anasiya kugona chagada, n'kumachezera atatsamira khoma. Amene anamupulumutsa ndi dokotala wina wamng'ono amene, m'malo mongomvetsera m'chifuwa, anaika chomvetsera chija pakhosi. Anapeza kuti phokoso likuchokera pamenepo, ndipo likumveka kwambiri pokoka mpweya. Anamulembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko analowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno, n'kuona chotupa m'kati mwa paipi ya mpweya, m'munsi pang'ono mwa pamene pamachokera mawu. Mpata wodutsa mpweya unali utatsala wochepa kwambiri. Anayamba amuboola pakhosi n'kuikapo kapaipi kopumira, ndipo pambuyo pake anamuchita opaleshoni yochotsa chotupacho. Atakachiyeza kulabotale anapeza kuti si khansa ayi, koma mnofu wa chithokomiro womera pamalo osakhala ake. Lero mayiyu amalima. Koma kuchokera tsiku limene anayamba kudandaula kufika tsiku limene munthu anasuzumira m'kholingo mwake panadutsa nyengo zitatu za fodya, ndipo kusuzumirako sikunatenge nthawi yoposa yophikira ndiwo zamasamba.

Sitikutchula chipatala chilichonse pankhaniyi, ndipo sitinabwere kudzaloza chala munthu. Amene anamupatsa mankhwala a mphumu anachita zimene akanatha ndi zimene anali nazo pamanja, mzere wa odwala utafika panja.

Madokotala anatifotokozera, ndipo tikubwereza pano kuti makhansala ndi mafumu amene awerenge chikalatachi amve chimene tikunena. Chithokomiro aliyense ali nacho. Ndi kachiwalo kokhala kutsogolo kwa khosi, kamene kamatulutsa timadzi toyendetsa mphamvu za thupi, kugunda kwa mtima ndi kukula kwa ubongo wa mwana. Mwana akamaumbika m'mimba, kachiwaloka kamayambira kutsinde kwa lilime, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukakhazikika kutsogolo kwa paipi ya mpweya cha m'sabata yachisanu ndi chiwiri. Nthawi zina ulendowu sutha bwino. Kawirikawiri mnofu wotsalira umapezeka kutsinde kwa lilime komwe kuja, pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse amene chithokomiro chawo chinasochera. Mwa apo ndi apo kachidutswa kamatsekeredwa m'kati mwa paipi ya mpweya pamene paipiyo ikuumbika. Dokotala wa ku Germany, Ziemssen, analemba za vutoli mu 1875, ndipo kuyambira pamenepo lapezeka kwambiri mwa akazi komanso m'madera mmene matenda a chithokomiro ndi ofala. Kachidutswako kamatha kukhala phee kwa zaka. Kamakula pamene thupi likufuna timadzi ta chithokomiro tochuluka, monga pa kutha msinkhu, pa nthawi ya pakati, kapena pamene munthu akusowa ayodini m'zakudya. Chithokomiro cha panja chikatupa, anthu amachiona pamsika. Cha m'kati chikatupa, palibe amachiona, chimangotseka mpweya.

Tikudziwa kuti vuto limeneli ndi losowa kwambiri, ndipo dokotala akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osakumana nalo. Sitikupempha kuti boma limange chipatala cha matenda amodzi osowa. Chimene taona n'chakuti njira imene ikanagwira msanga vuto la mlamu wathu ndi yomweyo imene ingathandize mayi amene chotupa chake chapanja chikukanikiza kholingo, bambo wosuta chingambwe amene mawu ake asasa miyezi itatu chifukwa cha khansa ya pakholingo, ndi mwana amene wameza njere ya mtedza n'kulowera kolakwika. Anthu oterewa ndiye si osowa kuno. Njirayo ikakonzedwa, wosowa uja adzagwidwira m'khoka lomwelo.

Choyamba chimene tikufuna sichilira ndalama. Tikufuna kalata yochokera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino, yopita kuzipatala zonse zazing'ono, za boma ndi za mishoni zomwe, yonena kuti munthu amene wabwera kachitatu ndi kubanika, mankhwala a mphumu osamuthandiza ndipo makhololo ake osaonetsa chifuwa chachikulu, asapatsidwenso mankhwala omwewo n'kubwezedwa kunyumba. Amvetseredwe pakhosi, apapasidwe pakhosi, atumizidwe. Kusiyanitsa kwake anatiphunzitsa ndipo si kovuta: mluzu wa mphumu umachokera m'chifuwa ndipo umamveka kwambiri potulutsa mpweya, pamene phokoso la chotchinga cha m'kholingo limachokera pakhosi ndipo limamveka kwambiri pokoka mpweya. Ngati ife alimi tagwira zimenezi pa tsiku limodzi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo sangavutike nazo. Tikufuna zilowe m'maphunziro awo obwereza, ndipo chikwangwani chake chipachikidwe m'chipinda choonera odwala. Kabuku ka kuchipatala kamene aliyense amayenda nako kamaonetsa kale kuti munthu wabwera kangati. Chofunika n'kutsegula masamba akumbuyo musanalembe tsamba latsopano.

Chachiwiri ndi munthu ndi chipangizo. Kwa zaka zambiri dziko lonse lino linali ndi katswiri mmodzi yekha wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi, Dr. Wakisa Mulwafu, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Poona kuti munthu mmodzi sangakwanire dziko, kunayambika maphunziro apadera a madokotala aang'ono pa matenda amenewa, kuti azikagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Ndiye anthu odziwa ntchitoyi alipo m'Malawi muno. Tikufuna kuti pa chipatala cha boma cha Kasungu pakhale mmodzi wotere amene ntchito yake yeniyeni ndi imeneyi, osati wongobwerekedwa kukatseka mipata m'mawodi ena, ndipo akhale ndi kachingwe ka kamera kosuzumira m'kholingo pamodzi ndi mankhwala okatsukira. Tikufunanso kuti kamodzi pa mwezi, pa tsiku lodziwika, azibwera kuno ku Mtunthama. Kuchoka kuno kukafika pa boma ndi makilomita pafupifupi 30. Kwa munthu wa galimoto ndi pafupi. Kwa munthu wobanika wokwera kabaza wa njinga yamoto kuchokera kumudzi wa kutali ndi tala, m'fumbi la mu Okutobala, ndi ulendo woopsa. Malo oonera odwala alipo. Boma lili kale ndi mapangano ndi zipatala za mishoni za CHAM othandizira anthu mwaulere pa zinthu zina, makamaka za amayi oyembekezera ndi ana. Tikupempha mukambirane ndi chipatala chakuno cha St Andrew's cha mpingo wa Anglican, kapena mukonze pa chipatala cha boma chapafupi, kuti tsiku limeneli odwala asamalipire.

Pamodzi ndi zimenezi, tikufuna kuti zipangizo zoboolera pakhosi mwadzidzidzi, ndi timapaipi take ta akulu ndi ana, zizipezeka pa boma usana ndi usiku, ndipo pa gulu lililonse la ogwira ntchito usiku pakhale wodziwa kuzigwiritsa ntchito. Munthu amene kholingo lake latsekeka sangadikire ulendo wa makilomita pafupifupi 130 wa ku Lilongwe.

Chachitatu ndi kuyeza. Matenda a chithokomiro amadziwika bwino poyeza magazi, makamaka muyezo wotchedwa TSH, umene umaonetsa ngati chithokomiro chikugwira ntchito mopitirira kapena moperewera. Ena mwa ife tinauzidwa kuti tikayezetse kuzipatala zolipira m'tauni, ndipo ambiri tinangobwerera kumudzi chifukwa mtengo wake pamodzi ndi thiransipoti unali wosakwanika. Tikufuna muyezo umenewu uzichitika pa boma mwaulere. Ngati makina ake sangapezeke msanga, magazi azitengedwa kuno n'kutumizidwa, monga momwe magazi a anthu omwa ma ARV amayendera pa njinga zamoto n'kubwerako ndi zotsatira. Njira imeneyo ilipo kale ndipo timaiona ikuyenda. Chimodzimodzinso makina a sikani amene amaunikira amayi oyembekezera: atakhala ndi kachipangizo koyenera khosi ndi munthu wophunzitsidwa, angathe kuunika chithokomiro.

Kuunika kumeneku si nkhani yamasewera, ndipo apa tikufuna mutimvetse. Madokotala anatiuza kuti asanachotse mnofu wa chithokomiro wosochera amayamba atsimikiza kuti munthuyo ali ndi chithokomiro china pamalo ake enieni, chifukwa kwa anthu ena chosocheracho ndi chokhacho chimene ali nacho. Akachichotsa, munthuyo amadalira mapiritsi moyo wake wonse. Anatiuzanso kuti chotupa cha m'paipi ya mpweya sichitapidwa mwachisawawa kuti akachiyeze, chifukwa mnofu wa chithokomiro uli ndi mitsempha yambiri ya magazi, ndipo magazi akatayikira m'njira ya mpweya munthu akhoza kutsamwa nawo. Ntchito imeneyo ndi ya kuchipatala chachikulu, kumene kuli makina a CT, akatswiri ogonetsa odwala ndi labotale yoyeza minofu ngati imene inatsegulidwa pa Kamuzu Central mu 2011. Sitikupempha kuti zimenezo zibwere ku Mtunthama. Tikupempha kuti ife tizifikako nthawi isanathe, zoyeza zoyambirira zili kale m'manja.

Apa ndi pamene pali chachinayi, chimene chimatiwawa koposa. Kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu isamakhale pepala longomupatsira m'manja kuti adzionere yekha. Banja la mlamu wathu linayenda maulendo atatu asanagonekedwe: ulendo woyamba anafika tsiku losakhala la kiliniki ya kukhosi, wachiwiri anauzidwa kuti abwerenso ndi zotsatira za magazi, wachitatu ndi umene anamulandira. Ulendo uliwonse ndi anthu awiri, wodwala ndi womudikirira, ndi ufa, ndi nkhuni, ndi ana osiyidwa kwa agogo. Ndalama za fodya wa chaka chimenecho zinathera m'minibasi za pa M1. Tenanti amene amalandira malipiro ake kamodzi pa chaka, fodya akagulitsidwa, sangayende n'komwe ulendo woyamba uja ngati wadwala mu Januwale. Tikufuna kuti pa boma pakhale munthu mmodzi wodziwika, wokhala ndi foni, amene ntchito yake ndi kuimbira chipatala chachikulu, kupeza tsiku, ndi kulilemba pa kalatayo wodwala asananyamuke. Amene akupuma mwaphokoso atengedwe pa ambulansi ngati wodwala mwakayakaya, pakuti ndi mmene alili, ndipo asauzidwe kuti agule mafuta. Amene akudikira opaleshoni ya chithokomiro alembedwe m'kaundula ndipo aziuzidwa pamene afika pamzere. Pakati pathu pali amayi amene anauzidwa kuti adzaitanidwa, ndipo mpaka lero amangoyang'ana foni.

Chachisanu ndi mankhwala. Amene chithokomiro chake chinachotsedwa kapena n'chofooka amamwa levothyroxine tsiku ndi tsiku, ndipo amene chake chimagwira ntchito mopitirira amamwa carbimazole. Si mankhwala odula poyerekeza ndi ena ambiri. Koma levothyroxine akasowa, munthu amafooka, amatupa nkhope, amazizidwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo ngati ndi mayi woyembekezera, ubongo wa mwana umakhala pachiswe. Tikufuna mankhwalawa azipezeka kuchipatala chapafupi kwa aliyense amene analembedwa kale, ndipo azipatsidwa a miyezi itatu nthawi imodzi.

Tsopano za mchere, zimene zili m'manja mwa khonsolo yeniyeniyo. Dziko lino lili ndi lamulo la 1995 lokakamiza kuti mchere wodya anthu ukhale wothira ayodini. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. N'zochepa kwambiri moti sizioneka ndi maso, koma zikasowa chithokomiro chimatupa pofuna kukwaniritsa ntchito yake, kaya chili panja kaya chili m'kati mwa kholingo. Tisaname, ayodini saletsa chithokomiro kusochera mwana ali m'mimba. Chimene amachita n'kuchepetsa mpata woti chosocheracho chikule mpaka kutseka mpweya, ndiponso amateteza anthu ambirimbiri ku chotupa chapanja. Ife kuno timagula mchere wa miyala woyezera pa kambale kapena wounjika pa thumba, umene umakhala padzuwa tsiku lonse la msika, n'kunyowa nthawi ya dzinja. Dzuwa ndi chinyezi zimachepetsa ayodini. Wogulitsayo sadziwa, ifenso sitidziwa. Komatu pali timabotolo ta mankhwala timene ukadontheza pa mchere umasintha mtundu ngati muli ayodini. Tikufuna alangizi a zaumoyo apatsidwe timabotolo timeneti, aziyeza mchere pamsika wa Mtunthama, wa kwa Wimbe ndi m'misika ya kabwandire, pamaso pa anthu, ndipo zotsatira zizinenedwa pa sikelo ya amayi. Wogulitsa wamng'ono asalandidwe katundu wake poyamba. Afunsidwe kumene anapikula, ndipo a Malawi Bureau of Standards alondole kumeneko, kwa wamkulu amene amabweretsa matumba pa lole.

Chomaliza n'chachifupi. Tiwerengeni. Alangizi a zaumoyo amayenda kale khomo ndi khomo polemba ana a katemera ndi zimbudzi. Awonjezere funso limodzi la chotupa cha pakhosi ndi limodzi la kubanika kosamva mankhwala. Chiwerengero chimene chipezeke chidzakuthandizani inu popempha ndalama ku likulu, ndipo ife tili ndi ufulu wochiona malinga ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Zimene tikupemphazi si mphatso. Gawo 13 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaika pa boma udindo wopereka chithandizo chazaumoyo chokwanira, chogwirizana ndi zosowa za anthu, ndipo gawo 30 limanena za mwayi wofanana kwa onse pa zinthu monga chithandizo chakuchipatala. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ya dziko ku zaumoyo. Kwa zaka zambiri fodya ndi amene wakhala akubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja za dziko lino, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene amamulima kwambiri. Pa fodya wopita ku okushoni amadulapo msonkho ndi ndalama zina tisanalandire kanthu. Ndiye tikamapempha kachingwe kamodzi ka kamera, sitikupempha ngati alendo. Komanso kuno ndi kumene Dr. Kamuzu Banda anayambira sukulu ali mwana, asanapite kukaphunzira udokotala ku America ndi ku Scotland, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy pamalo pano. Ana ambiri amene anadutsa pasukuluyi lero ndi madokotala, ena m'dziko muno, ena kunja. Ngati ofesi yanu ingawalembere kalata yowapempha kuti athandizepo pa chipangizo kapena pa maulendo a akatswiri, ife tidzasainira nawo.

Ifenso tili ndi zimene tadzipereka kuchita. Mafumu athu avomera kulengeza pamaliro ndi pamisonkhano kuti wobanika apite kuchipatala asanapite kwina. Amayi a m'mipingo ndi m'mabanki a m'mudzi avomera kusonkhanitsa mayina a onse otupa pakhosi amene akufuna kuonedwa, kuti tsiku loyamba la kiliniki dokotala asadzapeze benchi yopanda anthu. Eni maesiteti ena amene talankhula nawo avomera kumasula matenanti pa tsikulo osawadula.

Tikupempha yankho lolembedwa, m'Chichewa, pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene chikalatachi chadindidwa ku ofesi yanu. Yankholo linene pa mfundo iliyonse chimene chitheke tsopano, chimene chidikire bajeti ya chaka chamawa, ndi chimene chili m'manja mwa Unduna, pamodzi ndi udindo wa munthu amene tizimufunsa. Likadzafika tidzaliwerenga pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera lathu, pamaso pa Mfumu Yaikulu, ndipo tikukuitanani kuti mudzakhalepo kapena mutumize wokuimirani amene angathe kuyankha mafunso. Masiku 30 akadzatha kuli zii, tidzatuma nthumwi zathu ku komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo ndi ku ofesi ya Ombudsman, zitanyamula chikalata chomwechi.

Mlamu wathu uja wati adzabwera pa msonkhanowo. Wavomera kudzakuonetsani chipsera cha pakhosi pake ndi timabuku take tiwiri ta kuchipatala, kuti mudzawerenge nokha masamba amene analembedwa mphumu.

Ndife anthu anu a ku Mtunthama, kwa Wimbe ndi midzi yozungulira, amene mayina, midzi ndi zidindo za zala zathu zili pamapepala otsatirawa.